Kansalu Kaulula

Chiyambireni lamulo la tinsalu, aliyense m'mudzi muno ali ndi kake kopukutira kumaso, chifukwa matenda aja otembenuzira nsidze m'diso sanasiye khomo ndi limodzi lomwe. Ukapukutira ka mnzako, kamayankhula.

Kunyumba komwe ndimakhala, maso a Tiyanjane, mwana wa achimwene anga, ankangoti kuchira n'kuyambiranso, mpaka adokotala anati zikapitirira achita khungu. Amuna ake, a Lufeyo, ankaloza ine: "Ndi azakhaliwa, sasukusula. Abwerere kwawo."

Ine sukulu ndinangoisuzumira pawindo, koma thumba la mwamuna likatupa ndimaliona. Tsiku lina masana ndinathira tsabola wa kambuzi wodzaza dzanja m'ndiwo za a Lufeyo. Misozi chuchuchu, thukuta kamukamu. Bambo aja anaiwala, n'kusolola kansalu m'thumba, n'kupukuta.

"Pepani, nkhope iyi si ya a Esinati," kanatero kansalu, mwaulemu wake.

Esinati ndi uja wogulitsa thobwa pamsika, wamaso ofiira ngati makala amoto.

"Kawonongeka aka," anatero a Lufeyo.

"Ayi akamwini, kali bwinobwino," ndinayankha ndikuwawonjezera msuzi. "Mawa kuchipatala mupite atatu. Nyumba ndisunga ine."