Moni wa Kafoni ka Chipatala

Chikhazikitsire lamulo loti odwala azigonera kwawo, namwino sankabwera m'mudzi pokhapokha kafoni ka chipatala katamuitana. M'mawa uliwonse Nangondo ankakapukuta n'kukaika pamphasa, pafupi ndi amuna ake, a Gwaza, amene mwendo unawatupa mpaka m'ntchafu.

"Mwadzuka bwanji, bambo?" kanafunsa kafoniko.

"Ndadzuka bwino, kaya inu anzathu?"

Kanayaka kobiriwira kusonyeza kuti wodwala ali bwino, tsiku lachisanu ndi chinayi tsopano.

"Abambo, kauzeni kuti mwendo wayamba kununkha," anatero Nangondo akufinya nsanza. "Mawu anga sikawalandira, kamadziwa anu okha."

"Munthu akupatse moni, iwe n'kumulonjera ndi madandaulo? Mlendo amayamba wakhala pansi, za matenda zimabwera pambuyo."

"Kameneka sikakhala pansi, abambo."

Nangondo sanalimbanenso nawo. Anamanga chitenje kuti auyambe ulendo wa maola atatu wopita kuchipatala, ngakhale ankadziwa zomwe akamuuze pageti: pakompyuta a Gwaza ali bwino, iwo eni anena. Ali pakhomo anamva kafoni kakutsanzika, ndipo a Gwaza anakayankha.

"Zikomo potiyendera. Mukawapatse moni adokotala."