Mwana wa Tsitsi Lotuwa

"Magazi a nonse awiri tawayeza," anatero dokotala. "Matendawa mwanayu anatengera kwa inu mayi, komanso kwa inu bambo."

Mayiyo anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana mwamuna wake. Mwana wawo wa zaka zitatu anali atagona pamiyendo pa mayiyo, thupi lili moto, tsitsi lotuwa ngati phulusa. Chifukwa cha tsitsi limeneli, bamboyo anam'kana mwanayo chibadwire, ati kumtundu kwawo kulibe zotere.

Dokotala anajambula timizere papepala. "M'maselo a thupi muli timatumba togaya zinyalala ndi tizilombo. Pali puloteni yomwe imayendetsa kalumikizidwe ka timatumbati. Ya mwanayu ndi yolakwika, ndiye timangotupa osagwira ntchito. N'chifukwa chake amadwaladwala, tsitsi n'kutuwa. Chingam'pulumutse n'kumuika mafuta a m'mafupa a wachibale, ngati angagwirizane naye."

"Mwamva?" mayiyo anafunsa mwamuna wake.

"Amake mwana, tikakambirana kunyumba."

"Kunyumba kwake kuti? Komwe munanditchula hule alongo anu akuombera m'manja? Ndagona pansi m'zipatala ndekhandekha, inu muli phee, ngati wadwala ndi galu wa eni!"

Bamboyo anazyolika. Kenako anatambasula manja kuti anyamule mwanayo, koyamba chibadwire chake.

Mayiyo anawakankha manjawo mwamphamvu, mpaka cholembera cha dokotala chinagwa pansi.

"Musam'khudze. Vulani jekete. Adokotala, yambani kuyeza mafupa a awa."