Webusaiti Yoyera ya Crispin

"Sikutseguka, achimwene," anatero Mayi Vongai, mwini sitolo ya mbewu ku Mutare, akumuonetsa Crispin foni. "Mukaikonza mubwerenso mawa, apo ayi ntchitoyi ndipatsa wina."

Crispin anayang'ana pa foniyo n'kuzindikira vuto. Webusaiti imene anawapangira inali idakali mu laputopu yake yokha, anaiwala kuiika pa intaneti. Nanga azakhali ake a ku Odzi, amene anawatumizira linki ndipo iwo anamuyamikira kwambiri?

Anawaimbira. "Azakhali, munati ndi yokongola. Munaona chiyani?"

"Tsamba loyera mbee, mwanangu, ndi timawu tachingerezi pakati."

"Osandiuza bwanji?"

"Unali wosangalala. Komanso chipinda chako ndimachidziwa ine. Ndinangothokoza Mulungu kuti tsopano wapangako chinthu chaukhondo."