Matikiti Atatu M'chikwama cha Amayi

A Kaputeni anathira tiyi, theka m'kapu, theka pasosala. Anatukwana wopanga kapuyo. Makapu a masiku ano kukamwa kung'ono ngati botolo la mankhwala.

Koma chimene chinkawaotcha mumtima Loweruka limenelo sanali tiyi. Anali matikiti atatu amene anali m'thumba la malaya awo.

Anawapeza dzulo lake m'chikwama cha akazi awo, akufunafuna makiyi. Timapepala tofiirira, tong'ambidwa mbali imodzi. Zilembo zake sanaziwerenge, poti osindikiza a masiku ano amaumira inki, koma tikiti ya kanema ankaidziwa ngakhale poikhudza chabe. Dzina loti Kaputeni anawapatsa ndi amakaniko anzawo kugalaja, chifukwa chokonda mafilimu atatu akale a chombo choyenda pakati pa nyenyezi. Mafilimu onse atatuwo anawaonera limodzi ndi akazi awo omwewa, adakali pachibwenzi.

Tsopano, patatha zaka makumi anayi, kunatuluka filimu yachinayi, yobwerera m'mbuyo kukaonetsa woyendetsa chombo uja ali mnyamata. A Kaputeni analengeza msanga kuti phazi lawo silikapondako. "Akungotenthetsa zakudya zadzulo," anatero, nkhani n'kuitseka.

Nanga amayi anapita ndi ndani? Katatu konse?

Yankho linali kutsidya kwa msewu. Telala uja mkazi wake anamwalira, wodzola perefyumu Lolemba m'mawa, wopereka moni wosatha. Si zokhazo. Amayi anali atayamba kubisa kope lina pansi pa khushoni. Ndipo Lachinayi a Kaputeni anawamva akusita malaya, akunong'ona okha kuti, "Ndidzakudikira mpaka nyenyezi zonse zizime." Zaka makumi anayi m'banja, iwo anali asanauzidwepo mawu otero.

Chikwama cha zovala a Kaputeni anali atalongedza kale, chili kuseri kwa chitseko. Amayi akangogwidwa, iwo ulendo wa kwa mng'ono wawo, osacheuka. Chinatsala n'kutchera msampha basi.

Amayi analowa ndi kansalu, n'kupukuta tiyi patebulo.

"Amayi," anayamba a Kaputeni, ngati munthu wongocheza, "akuti filimu yatsopano ija ndi yachabechabe."

"Wanena ndani? Wabodza ameneyo. Chombo chikamanyamuka mpando umachita kunjenjemera, abambo. Ndiye mnyamata amene akusewera woyendetsayo, kayendedwe ndi ka mkulu uja ndendende, mpaka kukanda chibwano. Aonetsanso chimene chinathyola mwendo wa loboti yotsimphina ija, chimunthu chachitsulo chija."

A Kaputeni anatsala pang'ono kufunsa kuti chinali chiyani. Za mwendo umenewo anakangana kugalaja mpaka tsiku lopuma ntchito. Koma anadzigwira. Mbewa inali italowa yokha, panalibe chifukwa choidzidzimutsa.

"Ndiye kuti ilibe chilema?"

"Zilema zilipo, ndinamirenji. Akamamuthamangitsa mnyamatayo ndi mfuti zamoto zija mtima sugunda n'komwe, poti tinamuona kale ali ndi imvi. Angafe bwanji munthu woti ukalamba wako tikuudziwa? Misonkhanonso yachuluka, anthu kungozungulira tebulo ngati komiti ya ukwati. Kenako makina akalewo akuwala kuposa a m'tsogolo. Inu amakaniko mukakwiya nazo zimenezo."

"Ehe. Pitirizani."

"Choipitsitsa n'chakuti theka la filimu, zolengedwa za kwina zija zikulankhula chilankhulo chawo. Tanthauzo alemba m'munsi, tizilembo ngati nyerere, tothamanga. Ukangophethira, nkhani yakupita."

Basi, zinakwana. A Kaputeni anasolola matikiti aja n'kuwamenyetsa patebulo. Anaphonya pang'ono, dzanja linagwera m'sosala, tiyi n'kuwathovukira pamalaya. Sanasamale.

"Munthu wosaonera angadziwe zonsezo? Izi n'chiyani?"

"Matikiti."

"Ndikudziwa kuti ndi matikiti! Munapita ndi ndani?"

"Ndekha."

"Nokha! Katatu! Mayi wa zidzukulu zisanu, nokha m'holo ya kanema! Mukundiyesa mwana? Telala wanuyo ndimudziwa bwino. Nanga nyenyezi zija mukudikira kuti zizime, mukudikira ndi ine?"

Amayi anawayang'ana. Anayang'ananso ngodya ya chikwama imene inkasuzumira kuseri kwa chitseko. Kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka kugwira mpando, misozi ili mbwee.

"Telala? Amene uja amalephera kuwongola kolala? Abambo, mwandinyoza."

"Sekani. Ine ndanyamuka."

"Mwanyamukadi, koma chikwamacho chisiyeni."

Anakweza khushoni n'kutulutsa kope lija. M'kati mwake munali matikiti ena awiri, osang'amba. Anawaika m'manja mwa amuna awo. A Kaputeni anawasendeza pamphuno, anawatalikitsa, anawatembenuza.

"Inki yake yomweyo," anang'ung'udza.

"Mwawagwira chadodolido. Ndi a lero, thuu koloko, mipando yakutsogolo." Amayi anatsegula kopelo. Masamba onse anali odzaza ndi zolemba zawo, mzere ndi mzere. "Za nyenyezizo amene amanena ndi mkazi wa mutu wobiriwira, cha kumapeto kwa filimuyo. Ulendo woyamba ndinaonera, wachiwiri ndinalemba tizilembo tija, wachitatu ndinaloweza."

"Kuloweza kuti zitani?"

"Maso anu anafooka chaka chatha, a Kaputeni. Mwanamizira makapu, mababu ndi osindikiza, ine ndili phee. Valani malaya ena, tichedwa. Ndipo mukakhale kumanzere kwanga, khutu lanu labwino lija likhale mbali yanga."