Pensulo ya Amisiri Kumanda a Mafumu

Pofika pa chiliza chachisanu ndi chinayi, mayi a nesi anali atatheratu. Anadziponya pa benchi ya mwala, ali wefuwefu ngati bakha wothamangitsidwa ndi galu.

"Anzathu akapita kunja amakaona masitolo," anatero. "Ife takwera ndege kudzazonda akufa a eni."

Mwana wawo wamkazi, nesi amene ankagwira ntchito mumzinda wachilendowo, anangowapatsa botolo la madzi. Iyeyu ndiye anaitanitsa makolo ake onse awiri, ati madokotala a kumeneko akawaone bambo mtima. Dzulo lake dokotala anawayeza bambowo, n'kuwayezanso mayiwo poti anali pompo. Kenaka anadzitsekera m'chipinda ndi bambo ndi mwana kwa ola lathunthu, mayi atsala pakhonde akuyasamula. Potuluka, awiriwo maso anali psuu.

"Palibe vuto," anatero onse pamodzi.

Palibe vuto, maso ofiira chotero? Kanamizeni khanda.

Kutacha, bambo anasankha okha kokayenda: kumanda a mafumu akale. Malo ake otakata, oti mwendo umachita kupempha chikhululuko. Udzu wometedwa ngati mutu wa msilikali. Ziliza zazitali kuposa nyumba za anthu amoyo, masitepe pamwamba pa masitepe. Alendo ankajambulitsa mano ali pamtunda, ngati pansipo sipanagone munthu.

Bambowa aliyense ankangowatchula kuti Amisiri, poti kwa zaka makumi anayi ntchito yawo inali youmba ziliza. Zisanu ndi zitatu zoyambazo, zazikulu zogometsa, anangozidutsa manja ali kumbuyo. Koma pa ichi anaima. Chinali chocheperapo, cha mwala woyera mbee, chokhala ndi kadenga ndi maluwa osemedwa m'mphepete. Anasolola pensulo kukhutu. Tepi analibe, ndiye anayamba kuyeza ndi zikhatho, mulitali, mulifupi, n'kumalemba kuseri kwa tikiti yolowera. Mlonda anawakalipira m'chilankhulo chake poti anali atadumpha chingwe. Iwo anamuvulira chipewa mwaulemu, n'kubwerera m'mbuyo, n'kupitiriza kuyeza ndi maso.

Mayi a nesi anaona zonsezi ali pa benchi paja. Amuna awo ankawadziwa ngati chikhatho chawo chomwe. Amisiri sankayeza zosewera. Pensulo ija ikatsika kukhutu, ndiye kuti penapake munthu watsala madzi amodzi.

Mayiwo anadzuka movutikira, atagwira chiuno, n'kukhwekhwereza miyendo mpaka pachingwepo.

"Bambo a mwana, mwayamba kudziyezera?"

"Ndikungoona ntchito ya anzanga."

"Bodza! Anzanu ake ati, oti anafa agogo anu asanamere mano? Dokotala uja wakuuzani chiyani?"

Amisiri anangopitiriza kuyang'ana maluwa osemedwa aja.

"Tamverani," anatero mayiwo. "Zaka zonsezi ndakupirirani ndi nkonono zanu. Simundisiya ndekha ndi denga lodontha lija. Mukangoyerekeza kufa ine ndisanavomere, ndidzaitana mmisiri wa diso limodzi uja akuumbireni chokhota. Anthu azidzaseka podutsa."

Amisiri anaseka, koma kusekako sikunapite patali.

"Kuyambira lero mchere basi. Njinga basi. Ndipo bweretsani chikwamacho, musamanyamule zolemera."

Mayiwo anachilanda. Sanayende nacho mapazi atatu, phuma linawagwiranso, dziko n'kuzungulira. Nesi anathamanga n'kuwagwira mkono, Amisiri n'kutenganso chikwama chawo mwakachetechete.

"Ndi masitepewa," anatero mayiwo atapezako mpweya. "Mafumu a kuno ankadana ndi mawondo a anthu."

Anatsamira mwana wawo, akuyang'ana mwala woyera uja. Kunena zoona chilizacho chinali chokongola. Mkwiyo unayamba kuzirala, kutsala chisoni ndi kutopa. Ngati munthu wakonzera anzake pogona moyo wake wonse, nayenso angalekerenji kusirira pabwino? Anapukuta m'maso ndi kansalu, n'kuyesa nthabwala kuti mwana asaone.

"Komatu bambo akowa! Mtima wodwala, koma kunyada kuli bwinobwino. Afuna kugona ngati mfumu. Iwe nesi, tandiwerengera chikwangwanicho. Ndi mfumu iti imene akufuna kupikisana nayo?"

Nesi anayang'ana chikwangwanicho nthawi yaitali, ngati zilembo zamuthawa.

"Mafumu onse tawadutsa kale, amayi," anatero motsitsa. "Ichi mfumu inamangira mkazi wake."

Mayi a nesi anacheukira amuna awo. Amisiri anapinda tikiti ija kawiri, katatu.

"Mtima wanga dokotala waupeza wabwinobwino, mayi a mwana," anatero. "Ola lonse lija sitinkakamba za ine."