Litsiro la Amonke

"Taona nyansizi, Fiorella!" Ottavio anauza mkazi wake, akuloza pakona pa tsamba lachikopa lochokera m'buku lakalekale la nyimbo za m'tchalitchi. "Zilembo zagolide zokongola chonchi, amonke aumve aja n'kumagwira ndi zala zamafuta!"

"Lisiyeni momwemo, bambo."

"Iwe zako n'zakukhitchini."

Ottavio anakhalira tsambalo ndi thonje, kupukuta, kupala madontho a kandulo, mpaka chikopa chinayera mbee. Ankafuna likaikidwe pa chionetsero cha mumzinda wa Siena, kuti anzake osonkhanitsa zinthu zakale, omwe ankamunyoza kuti ndi wogulitsa matayala chabe, asowe chonena.

Atapita nalo kumeneko ndi mkazi wake, Mayi Gualtieri, amene ankasankha zokaonetsa, analitembenuza kamodzi kokha, n'kumukankhira ndi chala chimodzi.

"Anakupusitsani, bambo. Lenileni limada pakona pomwe amonke ankagwira potsegula, limakhalanso ndi madontho a kandulo. Ili ndi ladzulodzuloli, palibe mmonke anaimbirapo."

Ottavio anatembenukira kwa mkazi wake.

Fiorella anatola kachikwama kake, osamuyang'ana n'komwe.

"Afotokozerenitu, bambo aukhondo."