Mendulo Yatsalira ku Malawi

"Mendulo ili kuti, a Zacarias?" anafunsa mayi Alzira, mtolo uli kale pamutu.

A Zacarias, amene ankaperekeza othawa nkhondo kuchokera ku Ntengo-Wambalame kupita ku Malawi, anangosisita khosi lopanda kanthu. Mudzi wonse unali ndi mendulo imodzi yokha ya Kristovao Woyera, nkhoswe ya apaulendo, imene ansembe anasiya pothawa. Njira ya ku Malawi inali ndi mabomba okwirira, ndipo panalibe woiponda popanda menduloyo. Pa ulendo uliwonse mmodzi ankaivala, akawoloka n'kuibweza kwa a Zacarias.

"Mwana wanu Odete wakana kuivula," anatero. "Ndachonderera, ndakalipa, iye wangoifumbata. Ndabwerako mtima uli m'mwamba. Ine sindipondamonso!"

Anthu amene ankadikira ulendo anayamba kutula mitolo. Kuseri kwa phiri mfuti zinayambanso kulira.

"Wakaniranji?" wina anafunsa mokalipa.

"Akuti analumbira kwa amayi ake."

Maso onse anatembenukira kwa mayi Alzira. Iwo anakhala pansi, mtolo uli pamutu pomwepo. Dzana, potsanzikana ndi mwana wawo woyembekezerayo, anamunong'oneza okha kuti, "Usaivule mwanawe, ngakhale akupemphe ndani."